Muyezo wa Khosi la Anagama

M'kope langa la miyezo muli tsamba lawo okha.
Pamwamba ndinalemba: Anagama, a kachewere.
Chiuno sichinasinthe, mapewa ali pomwepo,
koma mzere wa khosi ndinafufuta kasanu
mpaka pepala linabooka.

Chaka chomwe mphepo inasasula khonde langa pa Lizulu
tepi inati mainchesi khumi ndi atatu.
Chaka chotsatira inawonjeza imodzi ndi theka.
Anati, "A Zakeyu, mwasoka mothina."
Ndinapepesa, ndinasuntha batani,
ndikudziwa kuti makina anga sananame.

Kanayamba ngati nthudza pansi pa khungu,
kokwera ndi kutsika akamameza tiyi.
Kenaka dzira la nkhanga.
Kenaka peyala, lolemerera kumanzere.
Pamsika sipasowa odziwa:
ena ankati anameza chule kutulo,
ena ankaloza mkazi mnzawo wa ku Biriwiri,
wina anati ndi ndalama zomwe ankabisira malemu amuna awo
zakana kutsika.
Iwo ankangodzaza ndowa, kuponyapo ziwiri za basera,
n'kuitana minibasi ndi mawu aja
omveka mpaka tsidya la msewu, ku Mozambiki.

Ndinawasokera makolala oimirira ngati mpanda,
ndi mipango itatu.
Mu Juni zinkabisika, poti tonse tinkafunda.
Mu Okutobala thukuta linkawaulula.

Mphini za sing'anga zinangowonjeza zipsera.
Mpweya unayamba kuimba likhweru.
Usiku ankagona chokhala, atatsamira thumba la mbewu,
poopa kuti akagona chagada
chinthucho chiwakhalira pammero.

Atachokera kuchipatala cha Ntcheu anandipatsa dzina lake
ngati akundipatsa chenji: chithokomiro.
"Aliyense ali nacho, ngakhale inuyo a telala.
Changachi akuti chinali ndi njala.
Mchere uja wa m'masaka tinakulira
unalibe ayodini."
Ndinadzigwira pakhosi atachoka.

Ku Lilongwe anapita kawiri n'kubwerera nacho:
ulendo woyamba magazi anali ochepa,
wachiwiri bedi linali ndi mwini wake.
Wachitatu anagulitsa matumba awiri a mbewu,
anandisiyira ndowa zawo kuseri kwa makina
osanena kuti adzatenga liti.

Masabata atatu.
Makondakitala ankasuzumira pa zenera
n'kugula kwa ena.
Ine ndinasoka mayunifolomu a sukulu khumi ndi awiri,
imodzi ndinaika thumba mozondoka.

Anabwera Lachinayi, kuli nkhungu.
Anamasula mpango pakhonde panga osalankhula.
Ndinavala magalasi.
Msoko umodzi, wopingasa,
wotsata khwinya lomwe khosi linali nalo kale,
opanda mfundo, opanda pomwe dzanja linanjenjemera.
Zaka makumi atatu ndili pa singano
koma ndinachita nsanje.
Ndinafuna kudziwa ulusi wake ndi nambala yanji,
ndipo munthuyo anaphunzira kwa yani
kusoka nsalu yopuma.

Mawu ndiwo anatsalira komweko.
Asasa, ngati tsache pa simenti.
Adokotala akuti mtsempha wake unagwedezeka,
mwina abwerera mvula ikamagwa, mwina ayi.
Pano wokuwira minibasi ndi mdzukulu wawo Ndaziona,
kamawu kake sikafika ndi pa mzere woyera.
Agogo ake amangokweza ndowa m'mwamba,
madalaivala n'kuima ndithu.

M'ngodya ya chitenje, momwe munkakhala makobidi,
muli kabotolo ka timapiritsi toyera.
Kamodzi m'mawa uliwonse asanalawe kanthu,
mpaka kale.
Aja a chule tsopano akuti anadziwa kale kuti ndi matenda.

Dzulo anaika nsalu yachikasu pa makina anga.
Ndinachita kuwerama kuti ndimve.
"Lopanda kolala. Mudule motsika."
Tepi inazungulira mosavuta, inatsalako yolendewera.
Khumi ndi atatu.
Tsamba lija linalibenso polemba,
ndinatsegula lina,
ndipo mipango itatu ija akuti ndidulemo zigamba.